Philomena ndi Mchenga Wakuda

1. Tiyi wa madzulo

Lipenga la mgodi linali litasiya kulira, koma kunyumba kwa a Mathias Daka tiyi ankamwedwabe pa nthawi yake. Dzuwa likapendeka, nthawi imene kale a Daka ankaweruka ku ng'anjo yosungunulira miyala, akazi awo, mayi Anastazia, ankatulutsa makapu pakhonde n'kuika mbatata yophika m'mbale. Shuga anali atayamba kusowa, koma makapu sankalephera kutuluka.

Chinali chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa. Makampani a boma ankagulitsidwa, ena ankangotsekedwa, ndipo amuna amene moyo wawo wonse ankadzuka ndi lipenga tsopano ankaswera pansi pa mitengo akusewera nsolo. Kunyumba za mgodi nkhani inali imodzi: ndani wapakira kale, ndani anyamuka mawa. A Daka nawonso anali atayamba kusonkhanitsa makatoni. Kwawo kunali ku Katete, kumene atate awo anachoka kalekale kudzafuna ntchito.

Lachinayi limenelo mwana wawo wotsiriza, Philomena, anafika tiyi atazizira. Anali mtsikana wamtali, wa miyendo ngati nsungwi, ndipo onse ankangomuitana kuti Filo. Kusukulu ndiye anali kaputeni wa atsikana pa masewera. Masewera ake enieni anali olumpha ndodo yopingasa, aja oti ndodo imakwezedwa pang'onopang'ono mpaka atsale mmodzi woilumpha.

"Amama! Atate! Tamaliza!" anatero asanakhale n'komwe. "Loweruka tilumpha!"

Makolowo ankaidziwa nkhaniyi. Loweruka kunali mpikisano wa masukulu onse a m'tauni, ndipo kanali koyamba kuti atsikana aloledwe kulumpha ndodo. Koma matiresi aakulu amene Filo ankagwerapo poyeserera anali a kalabu ya mgodi, ndipo kalabuyo itatsekedwa matiresiwo anapita ndi katundu wina yense. Akuluakulu a mpikisano ananena kuti anyamata adzagwera pa dothi lotipula monga kale, koma atsikana ayi. Popanda pogwera pofewa, masewera a atsikana achotsedwa.

"Mwapeza matiresi ena?" anafunsa mayi Anastazia.

"Ayi, amama, tapeza chabwino kuposa matiresi. Mchenga wofewa ngati ufa. Ine ndiye ndinauona, ndipo ndinagawa atsikana m'magulu. Ena amakumba, ena amasenza. Sabata yonseyi takhala tikututa. Mulu wake wafika m'chiuno mwanga!"

A Daka anaika kapu yawo pansi. Anali akuyang'ana mutu wa mwana wawo.

"Tabwera kuno, mwanawe. Werama."

Filo anawerama akuseka. Atate ake anapisa chala m'tsitsi mwake, n'kuchitulutsa chili bii, chikunyezimira pang'ono padzuwa. Anatikita fumbilo pakati pa zala zawo. Nkhope yawo inagwa.

"Mchengawu mwautenga kuti?"

"Kuseri kwa mgodi, atate. Paphiri lakuda lija."

2. Mawu a atate

A Daka sanakalipe. Anapempha madzi ndi sopo, anasamba m'manja bwinobwino, kenako anauza Filo kuti akhale pansi.

"Mwana wanga, phiri limenelo silinalengedwe ndi Mulungu. Tinaliunjika ndife. Mwala ukachoka pansi pa nthaka tinkausungunula m'ng'anjo, n'kutengamo mtovu wokagulitsa. Zotsala zake ndi zimene zili paphiri paja. Anthu amaona ngati mchenga, koma mtovu sunathemo. Sununkha, suluma, suwawa m'maso. Umalowa mwakachetechete, m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo ukalowa sufulumira kutuluka.

"Unandionapo ine ndikubwera kunyumba kuno ndi zovala za ntchito? Sunandionepo. Tikaweruka tinkavula zonse komweko, n'kusamba mpaka khungu kuwawa. Ankatiyeza magazi. Amene wapezeka nawo wambiri ankamuchotsa kung'anjo. Ife tinali amuna aakulu, ovala zotseka kumphuno, koma unkatipezabe. Ndinaona anzanga akugubuduka ndi m'mimba. Ndinaona mwamuna wamphamvu akulephera kunyamula kapu. Taona dzanja langali."

Anatambasula dzanja lawo lamanja. Linali kunjenjemera pang'ono, monga linkachitira masiku onse. Filo ankaganiza kuti ndi ukalamba chabe.

"Kwa mwana ndiye zoopsa kwambiri," anapitiriza. "Umakakhala m'mafupa ndi m'mutu. Mwana amene anali wochangamuka amayamba kuiwala, kugona m'kalasi, kupsa mtima popanda chifukwa. Tsopano iwe waunjika mulu pakati pa bwalo la sukulu. Loweruka atsikana adzagwerapo, fumbi lidzabuka, adzalimeza. Mpikisano ukatha mulu uja sudzachoka. Ana aang'ono a pulayimale adzaupeza, ndipo iwe ukudziwa mmene mwana amakondera mchenga. Adzauseweretsa, adzaumbira nyumba, adzadya chimanga ndi manja omwewo. Mphepo ya mwezi uno idzaulowetsa m'makalasi. Sindikukuletsa kulumpha. Ndakuonera ukulumpha, ndipo mtima wanga unakoma. Koma osati pa umenewo."

Filo analankhula motsitsa.

"Atate, mpikisano ndi mkucha. Tikauchotsa tigwera pati? Akachotsa masewera athu chaka chino, sadzawabwezeranso. Adzati atsikana analephera."

"N'kutheka," anayankha a Daka. "Sindikunamiza kuti n'zosavuta."

"Nanga tikangolumpha tsiku limodzi, n'kuuchotsa pambuyo pake?"

"Ukamadzaitana atsikana a masukulu ena kuti agwerepo, udzawauza chimene chili m'menemo?"

Filo anayang'ana zikhatho zake, zimene zinali ndi matuza a fosholo.

"Atsikana aja adzandida," anatero. "Ndine ndinawauza kuti atute. Bwanji mupite ndinu, atate, mukawauze aphunzitsi?"

Apa mayi Anastazia anapukuta manja pachitenje chawo.

"Iai, Filo. Atate ako atha kubwera pambuyo, koma woyamba kutsegula pakamwa ukhale iweyo. Pamene unkawauza kuti tiyeni kuphiri sunatume munthu. Unaima patsogolo, anakumvera, ndipo unasangalala. Ukaimenso patsogolo pomwepo. Usakanene kuti atate andikakamiza. Usakanamizire munthu wina. Ukanene kuti ndinalakwitsa ndine, ndipo ukawayang'ane m'maso. Akakalipa usakabwezere, chifukwa misana yawo ikuwawa ndipo ali ndi chifukwa chokalipira. Kutsogolera anzako si kuloza ndi chala kokha ayi. Tsopano pita ukasambe, utsuke tsitsilo kawiri, ndipo yunifolomuyo uiike payokha."

3. Pamulu wa mchenga

Lachisanu kunalibe maphunziro. Linali tsiku lokonza bwalo. Anyamata ankatchetcha udzu, ndipo asilikali angapo ochokera kukampu, amene anapemphedwa kudzathandiza mpikisanowo, ankalemba mizere ya othamanga ndi laimu.

Atsikana anali atazungulira mulu wawo wakuda akuunyadira. Panali a ku Natuseko, a ku Kamushanga ndi a kunyumba za mgodi. Wolankhula kwambiri anali Mutale, mnzake wa Filo wa kunyumba za njanji ku Railways, mtsikana wamfupi wa pakamwa posatopa, amenenso ankalumpha ndodo.

"Ba kaputeni afika!" anafuula Mutale. "Bwerani muyese bedi yanu, bwana!"

Filo anaima patsogolo pawo. M'manja anali ndi fosholo ndi chidebe.

"Anzanga, mchengawu tiyenera kuuchotsa."

Atsikana anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Filo sanaseke. Anawafotokozera za mtovu, za dzanja la atate ake, ndi za ana a pulayimale. Anamaliza ndi mawu amene amayi ake anamuuza.

"Ndinalakwitsa ndine. Ndinaona kufewa kwake, sindinafunse aliyense. Ndakuvutitsani pachabe. Pepani."

"Awe mwandi!" Mutale anaomba m'manja. "Iwe Filo, uli bwinobwino? Sabata yonse takhala mabulu ako, mitu yathu yachita kuphwa, manje lero ukuti tichose? Ona manja anga! Ngakhale nshima sinikwanitsa kutema!"

"Ndikuona, Mutale."

"Ise tonse tinakulira mu fumbi yamene iyi. Ndani anafa? Ndiwe wamantha chabe. Wamva kuti ku Kamushanga kuli mtsikana wamtali kukuposa, manje ufuna pothawira!"

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Mtsikana wina anati, "Tisankhe kaputeni wina basi."

Mawu amenewo anamulasa Filo, koma anakumbukira kuti asabwezere.

"Mukhoza kusankha wina," anatero. "Koma ine pa mchengawu sindilumpha, ndipo sindingaitane munthu kuti agwerepo. Mutale, mng'ono wako uja wa giredi wani amadikira iwe pati mukaweruka?"

Mutale anayang'ana pansi pa mtengo umene unali pafupi ndi muluwo. Pamenepo m'pamene mng'ono wake ankamudikira masiku onse. Kenako anatembenuka n'kuchoka, akuponda mwamphamvu. Atsikana ena anapita kukakhala pamthunzi.

Filo anapita kwa a Mazuba, mphunzitsi wa masewera, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Monze. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa.

"Wachita bwino kundiuza," anatero. "Uchoke ndithu. Koma ndikuuze zoona, Philomena. Akuluakulu akabwera mawa m'mawa n'kupeza palibe pogwera, ine sindidzatha kuwakakamiza."

"Ndamva, aphunzitsi."

Anabwerera pamulu paja yekha. Anamanga mpango kumphuno, anatunga madzi pampopi n'kuwaza pamchenga kuti usabuke, monga atate ake anamuuzira. Kenako analowetsa fosholo.

Atsikana anamuyang'ana ali pamthunzi. Anadzaza chidebe, anachisenza, anakathira m'wilibala ya sukulu, n'kubwerera. Mulu sunkaoneka kuchepa. Patapita kanthawi mtsikana uja amene ananena zosankha kaputeni wina anaimirira, anamanga juzi yake kumphuno, n'kutenga chidebe chothirira madzi. Wina anamutsatira, kenako winanso.

4. Shifiti yomaliza

Dzuwa litakwera, pageti la sukulu panamveka phokoso la mawilibala. Anali a Daka, ndipo kumbuyo kwawo kunali amuna aja a pansi pa mtengo wa nsolo. Ena anavala majombo awo akale, ena zipewa zolimba za mgodi zimene ankasunga pansi pa bedi.

"Ana inu, chokanipo apo," anatero a Daka. "Dothi ili ndi lathu. Tinalitulutsa ndife, tilibweza ndife." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, n'kumuitana monga ankaitanira kapitawo wa kumgodi. "Shifibosi, tiuzeni poyambira."

Amuna aja anaseka, koma anaima kudikira. Filo anachita manyazi pang'ono, kenako anakweza mawu.

"Atate awiri azithira madzi. Okumba ayambire mbali ya kumphepo. Wilibala isachoke isanafundidwe ndi thumba lonyowa. Ndipo musautaye kuseri kwa makalasi, ubwerere kumene unachokera. Pomaliza tipale ndi dothi lapansi lomwe."

"Mwamumva mwana wa Daka?" anatero mkulu wina wa ndevu zoyera. "Uyu akanatipeza mgodi usanatsekedwe, bwenzi tonse tikuthamanga!"

Ntchito inayenda. Amuna amene kwa miyezi ankangoyang'ana pansi anayamba kuimba nyimbo zawo za kuntchito, ndipo mafosholo ankalowa pamodzi ngati dzanja limodzi. Atsikana anatumidwa kukasamba m'manja ndi kumaso. Koma pamene muluwo unkatha, m'pamenenso Filo ankaona bwino vuto lake. Pamalopo panatsala nthaka youma gwa. Pogwera panalibe.

Ali chiimire choncho, wina anamugogoda pamsana. Anali Mutale, akupuma wefuwefu, thumba lili pamutu. Analiponya pansi, ndipo linangoti fwaa, osalira.

"Usaniyang'ane choncho," anatero Mutale. "Sininabwerere iwe. Nabwerera mng'ono wanga."

Filo anamasula thumbalo. Munali utuchi wa matabwa, wofiirira, wonunkhira bwino.

"Ba tata amakonza matabwa a mabogi ku wekishopu ya njanji," anatero Mutale. "Utuchi uli mulu kuseri, amangoutentha. Napempha, ba kapitawo avomera. Akuti tengani wonse, mutithandize kusesa. Koma ni patali, mwana, ndipo masaka tilibe."

Filo anamukumbatira mpaka Mutale anakuwa kuti, "Nisiye, iwe nsungwi, unithyola!"

Kenako Filo anaitana atsikana onse. Sanafunikenso kukuwa.

"Aliyense athamangire kwawo akatenge matumba a ufa amene atha. Ngakhale obooka, bweretsani. A ku Natuseko ndi a ku Kamushanga, kwanu n'kutali, inu tsogolani ndi Mutale mukayambe kuunjika utuchi. Muchotsemo misomali ndi zidutswa za matabwa, mupete ndi manja. Ine ndikukaitana amama."

Masana amenewo anthu a m'tauni anaona zachilendo. Mzere wautali wa atsikana unkachoka ku Railways kulowera kusukulu, aliyense thumba pamutu, akuyenda awiriawiri m'mbali mwa msewu. Filo ankayenda kumbuyo kwenikweni, atasenza lake, kuti aone ngati wina watsalira. Wina akatopa ankamusinthanitsa ndi mnzake. Pamphambano ankathamangira kutsogolo, n'kuimitsa mzere mpaka magalimoto adutse.

Kusukulu anapeza mayi Anastazia atabwera ndi amayi anzawo a kutchalitchi, masingano aakulu ali m'manja. Anakhala pansi pamthunzi n'kuyamba kusoka pakamwa pa matumba, kenako kulumikiza thumba ndi thumba kuti asamatayane munthu akagwerapo.

"Musoke zolimba, amayi," anatero mayi Anastazia. "Mwana wangayu salumpha ngati anthu. Amapita chagada ngati nsomba yothawa mbedza."

Mmodzi mwa asilikali olemba mizere aja anali ataleka ntchito yake. Anali mayi wa msinkhu wapakati, woongoka ngati mlongoti, wa nyenyezi pamapewa. Anaima manja ali kumbuyo, akuyang'ana mzere wa atsikana ukulowa pageti. Anafunsa a Mazuba funso limodzi, ndipo a Mazuba analoza Filo.

Dzuwa lisanalowe, pamalo pamene panali mulu wakuda panali bedi lalikulu la matumba oyera, osanjikizana mpaka m'chiuno.

5. Loweruka

M'mawa mwake bwalo linadzaza. Akuluakulu a mpikisano anabwera kudzaona pogwera paja. Anazungulira, anakankha ndi phazi, anapukusa mitu.

"Matumba a ufa?" anatero mmodzi. "Mwana wa munthu akathyoka msana apa, mlandu udzakhala wa yani?"

Koma msilikali wamkazi uja anayandikira. A Mazuba anamutchula kuti ndi Kaputeni Inonge Sitali. Iye sanatsutsane ndi munthu. Anavula chipewa chake n'kupatsira Mutale, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anathamanga, n'kudziponya chagada pamatumba paja, majombo ali m'mwamba. Anthu anati, "Aaa!" Iye anadzuka, anasasa yunifolomu yake, n'kutenganso chipewa.

"Msana wanga ulipo," anatero. "Ana alumphe."

Atsikana anakuwa ndi chimwemwe, ndipo ndodo inaikidwa.

Poyamba onse ankadutsa mosavuta. Ndodo itafika pachifuwa ena anayamba kuigwetsa. Mutale analimbikira mpaka inafika paphewa pake, kenako anaikankha ndi chidendene.

"Yanikola dala!" anatero akudzuka. "Filo, nibwezereko!"

Pomaliza anatsala awiri, Filo ndi mtsikana wamtali uja wa sukulu ina ya ku Kamushanga. Ndodo inakwezedwa mpaka inalingana ndi maso a Filo. Sanalumphepo pamenepo chibadwire. Ndiponso thupi lake linali lolema. Fosholo ya dzulo inali idakali m'mapewa, ndipo ulendo wa ku Railways unali udakali m'miyendo.

Mtsikana wa ku Kamushanga anayesa, anagwetsa. Filo anayesa, anaigunda ndi msana. Anayesanso onse awiri, osaphula kanthu. Mnzakeyo atagwetsa komaliza, mwayi unatsala umodzi, wa Filo.

Anapita poyambira pake. Kumbali kwa bwalo anaona amuna a zipewa za mgodi ataima pamodzi, ndipo pakati pawo panali atate ake, atagwira dzanja lonjenjemera lija ndi linzake. Anaona amayi ake atatseka maso, milomo ikuyenda. Anaona atsikana amene dzulo ankafuna kaputeni wina, atagwirana manja.

Anayamba pang'onopang'ono, kenako anawonjezera liwiro, akukhota ngati uta. Anaponda ndi phazi lamanzere, anatembenuka, n'kunyamuka. Mutu unadutsa, msana unapindika pamwamba pa ndodo, ndipo pomaliza anakoka miyendo.

Anagwera pamatumba mwamphamvu moti limodzi linaphulika. Utuchi unabuka ngati utsi, n'kumukwirira yense. Kwa kanthawi palibe amene anaona kanthu. Utuchiwo utatsika, ndodo inali pamalo pake, ikugwedezeka pang'ono, koma osagwa.

Bwalo lonse linaphulika. Amayi analuluta, amuna a mgodi anaponya zipewa m'mwamba, ndipo Mutale anathamanga mozungulira akukuwa kuti, "Ni mnzanga uyo! Ni ine ninamupezera bedi!" Mtsikana wa ku Kamushanga anabwera kudzamudzutsa ndi dzanja lake, akuseka.

"Chaka cha mawa ndidzakupeza," anatero.

"Ubwere," anayankha Filo. "Masewerawa sachokanso."

Atatuluka m'gulu la anthu anapeza atate ake akumudikira.

"Tabwera kuno, mwanawe. Werama."

Filo anawerama. A Daka anapisa chala m'tsitsi mwake n'kuchitulutsa chili mbuu ndi utuchi. Anaununkhiza, anaupemerera, ndipo unauluka.

"Utuchi wa mtengo wa mukwa uwu," anatero. "Uwu ukhoza kulowa nawo m'nyumba mwanga."

Anthu amene anadzamudziwa Philomena Daka patapita zaka, atavala nyenyezi pamapewa, asilikali mazanamazana akuima njo akamva mawu ake, ankakonda kumufunsa kumene anaphunzira kulamula. Ambiri ankaganiza kuti atchula kampu ina yake. Iye ankatchula bwalo la sukulu ku Kabwe, ndi tsiku limene anaima pamaso pa anzake n'kuwauza kuti achotse zimene iye mwini anawatuma kuti atute.

6. Odi kuno

Lamulungu, atabwerako ku Misa, banja la a Daka linabwerera ku ntchito imene inkawadikira. Nyumba ya mgodi inayenera kusiyidwa. A Daka anakhala pakhonde akumanga makatoni ndi chingwe, ndipo mayi Anastazia ankakulunga mbale zadothi m'zitenje zakale kuti zisakasweke pa ulendo wa ku Katete.

Filo anatuluka ndi tsache ndi chidebe cha madzi. Anayamba wawaza madzi pabwalo ponse, monga anali ataphunzirira, kenako n'kuyamba kusesa. Miyendo inkawawa, ndipo ankayenda ngati nkhalamba.

"Katswiri wa tauni yonse akulephera kuwerama," anaseka amayi ake. "Kumudzi kuli khasu, mwanawe. Kumeneko salumpha."

"Kuli sukulu ya masewera kumeneko, atate?" anafunsa Filo.

A Daka anakoka mfundo ya chingwe ndi mano. "Sukulu iliko," anatero. Anatenga katoni ina.

Filo anapitiriza kusesa. Atafika pafupi ndi geti anaona mayi wina akubwera mumsewu, atavala chitenje ndi duku ngati mayi wina aliyense wochokera kutchalitchi. Koma kayendedwe kake sikanali ka mayi wina aliyense. Anali woongoka ngati mlongoti, ndipo mapazi ake ankaponda mofanana. Filo anaimika tsache.

Mayiyo anaima pageti. Anayang'ana bwalo lonyowa, anayang'ana makatoni pakhonde, kenako anayang'ana Filo.

"Odi kuno," anatero Kaputeni Sitali. "Mwana iwe, dzulo ndinaona kulumpha kwako, koma chimene chandibweretsa ndi mzere uja wa atsikana umene unauyendetsa Lachisanu. Atate ndi amayi alipo? Uwauze ayambe aleka kumanga katoni ya zovala zako, tikambirane zoti iwe utsale kuno, upitirize sukulu ndi masewera."

Mayi Anastazia anaika mbale pansi n'kukonza duku lawo.

"Filo," anatero, "siya tsachelo. Tulutsa mpando ndi kapu ina."